Mlandu wogona ndi mwana suthera pamphasa



Pali nkhani imene timainong'ona potuluka ku Jumu'ah koma sitiikamba poyera. Mtsikana wasukulu akapezeka ndi pathupi, kapena mwana akaulula kuti wina wamugwirira, m'midzi yathu yambiri kuno ku Balaka ndi ku Machinga timathamangira kuyala mphasa. Amalume a mbali zonse ziwiri amakhala pansi, amfumu kapena a komiti amaitanidwa, patchulidwa ndalama kapena mbuzi, mwina nikah yachangu, basi nkhani akuti yatha. Ife tikuti njira imeneyi imapweteka mwana wolakwiridwayo, ndipo imapwetekanso amene akunenezedwa, makamaka akakhala kuti sanalakwe. Malo amene onse awiri angapeze chilungamo ndi kubwalo la milandu.

Tiyambe ndi zimene lamulo likunena, chifukwa ambiri a ife tikuyendabe ndi lamulo lakale m'mutu. Kale mlandu wogona ndi mwana unkakhudza atsikana osakwana zaka 13. Mu 2011 zakazo zidakwezedwa kufika 16. Mu 2017 aphungu a Nyumba ya Malamulo adasintha malamulo aakulu a dziko lino kuti aliyense wosakwana zaka 18 akhale mwana, ndipo mu 2023 gawo 138 la malamulo a milandu lidasinthidwa kuti ligwirizane ndi zimenezi. Lero kugona ndi mwana wosakwana zaka 18 ndi mlandu umene chilango chake chachikulu n'kukhala kundende moyo wonse. Kugwirira mkazi wa msinkhu uliwonse nakonso kungamufikitse munthu pomwepo.

Munthu wamkulu sangadziteteze ponena kuti mtsikanayo adavomera, chifukwa lamulo silimuwerengera mwana kuti angavomere zimenezi. Sangadzitetezenso ponena kuti makolo adalola, kapena kuti adamanga nikah pambuyo pake, pakuti dziko lino sililola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Mwambo nawo si chishango. Eric Aniva wa ku Nsanje ankati ufisi umene ankachita ndi mwambo wa makolo, koma mu 2016 khoti lidamugamula kuti akakhale kundende zaka 2 chifukwa chochita miyambo yoipa.

Anyamata athu mumvetsetse apa. Lamulo la 2023 limapereka mpata wodziteteza ngati onse awiri ndi ana, akusiyana zaka zosaposa 2, ndipo panalibe kukakamizana. Mpata umenewu ndi wokanenera kukhoti, si chilolezo, ndipo m'chipembedzo chathu zina ndi zina basi. Komanso mnyamata wa Fomu 4 amene wakwanitsa zaka 18 ndi munthu wamkulu pamaso pa lamulo, ngakhale avale yunifomu yofanana ndi ya mtsikana wa Fomu 2 wa zaka 16. Chibwenzi chimene mukuchiyesa chamasewera chingakusiyitseni mayeso a MSCE muli m'chitokosi.

Tsono ena amafunsa kuti, chilango chitakula chonchi, si chifundo kodi kuthetsera nkhani pakhomo? Funsoli si lachibwana, chifukwa kunamizirana kulipodi. Anthu amasemerana zinyau chifukwa cha malire a munda, nsanje kapena banja limene lidatha moipa. Zimachitikanso kuti mtsikana woopsezedwa amatchula mnyamata wosauka wa m'kalasi mwake pofuna kubisa wachibale kapena munthu wolemekezeka amene adamulakwiradi. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Koma taganizani bwino: pamphasa paja ndani amafufuza zoona? Palibe dokotala, palibe wofunsa mboni mafunso, palibe wowerenga miyezi ya pathupi kuti aone ngati ikugwirizana ndi zonenedwazo. Banja la mnyamata limalipira chifukwa cha mantha, ndipo kulipirako mudzi wonse umakutenga ngati kuvomera. Wosalakwa amasenza dzina loipa mpaka kumanda, pamene wolakwa weniweni akupita kwa mwana wina.

Kukhoti munthu wonenezedwa ali ndi zomuteteza zimene pamphasa palibe. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limamutenga kukhala wosalakwa kufikira boma litabweretsa umboni wokwanira. Ayenera kuuzidwa chifukwa chimene wamangidwira m'chilankhulo chimene akumva, ndipo ngati Chiyao ndicho amamva bwino, ali ndi ufulu wokhala ndi womasulira pozengedwa mlandu. Ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo sayenera kukakamizidwa kuvomera. Apolisi ayenera kumufikitsa kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khoti likugwira ntchito maolawo akatha. Atha kupempha belo, kufunsa mafunso mboni za boma, kuitana mboni zake ndi kuchita apilo ku High Court ngati sanakhutire ndi chigamulo. Wopanda ndalama zolipira loya apite ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu osauka pa milandu. Ngati wonenezedwayo ndi mwana, mlandu wake umayendetsedwa motsatira lamulo la 2010 loteteza ana, ndipo akapezeka wolakwa malo ngati Mpemba ku Blantyre ndi Chilwa ku Zomba adakonzedwa kuti azisinthirako khalidwe m'malo mosakanizidwa ndi akaidi aakulu.

Choncho m'bale wanu akanenezedwa, mthandizeni m'njira zoyenera. Funani loya msanga. Musafufute mauthenga a pafoni kapena a pa WhatsApp, chifukwa mwina ndiwo angamupulumutse. Sungani chikalata cha kubadwa, buku la kuchipatala ndi zolembedwa za kusukulu, pakuti pa milandu iyi zaka ndi masiku zimalemera kwambiri. Lembani amene adali naye tsiku lotchulidwalo mutu usanaiwale. Asasaine pepala limene sanalimvetse. Koma musapite kubanja la wodandaula ndi ndalama kapena mawu oopseza, chifukwa kusokoneza mboni ndi kulandira kanthu kuti mlandu ubisike ndi milandu payokha. Musamukwezenso basi ya ku Joni usiku. Mlandu suola, ndipo wothawa amaoneka wolakwa ngakhale atakhala woyera.

Mwana wolakwiridwa nayenso nthawi siili kumbali yake. Mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV munthu akagwiriridwa amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72. Masiku atatu amene amalume akukambirana za mbuzi ndi masiku omwewo amene akadamupulumutsa. Zizindikiro za pathupi pake, zimene zingamange wolakwa kapena kumasula wosalakwa, nazonso zimafufutika msanga. Choyamba ndi chipatala, kenako nthambi ya apolisi ya Victim Support Unit. Nambala yaulere ya 116 ilipo kwa mwana aliyense wofuna thandizo. Ndipo mtsikana amene watenga pathupi ali ndi mwayi wobwerera kusukulu akachira, malinga ndi ndondomeko ya boma. Tisamutsekere khomo ndi nikah.

Tikudziwa kuti ena amati Msilamu satengera mnzake kukhoti, ndipo amatchula mboni zinayi za m'Sura ya An-Nur. Lamulo limenelo lidadza pofuna kutseka pakamwa anthu amiseche amene amaipitsa mbiri ya akazi odzisunga, ndipo m'Sura yomweyo Allah adayeretsa mayi wathu Aisha (r.a.) ku bodza limene lidafala mu Madina. Kuligwiritsa ntchito potseka pakamwa mwana wogwiriridwa n'kulitembenuza chadodolido. Wokakamizidwa alibe tchimo, ndipo kudandaula kwake si miseche. Kumbukiraninso Mneneri Yusuf (a.s.), amene adanenezedwa mlandu wa mtundu womwewu. Chimene chidaonetsa zoona si ukulu wa womunenezayo kapena unyinji wa achibale, koma mkanjo wake umene udang'ambika kumbuyo. Umboni udalankhula. Chipembedzo chimene chimatiphunzitsa kufufuza nkhani tisanaikhulupirire, ndi kuimira chilungamo ngakhale chikugwera wachibale wathu, sichingatiuze kukwirira mlandu ndi ndalama.

Kwa a komiti ya mzikiti, pempho lathu n'lakuti nkhani yotere ikakufikani, musakhale oweruza. Perekezani mwanayo kuchipatala ndi kupolisi, uzani banja la wonenezedwa za ufulu wake, letsani anthu kulanga okha munthu woganiziridwa, ndipo masheikh athu akane kumangitsa nikah popanda kutsimikiza zaka za onse awiri. Ntchito yoyanjanitsa mabanja ndi kutonthoza mitima ndi yanu, ndipo palibe angaigwire bwino kuposa inu, koma kugamula mlandu waukulu ngati uwu n'kwa khoti.

Kwa makolo, mwana akakuuzani chinthu chowawa mumvetsereni modekha. Musamumenye kuti atchule dzina, chifukwa mwana womenyedwa amatchula dzina lililonse kuti ndodo ileke. Musamuphunzitsenso zokanena.

Kwa inu ophunzira, musafalitse mayina kapena zithunzi pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Simudziwa zonse, ndipo dzina mukaliipitsa simungalichapenso. Amene walakwiridwa anene kwa mphunzitsi kapena kholo limene amalikhulupirira. Manyazi si ake. Amene akuganiza zonamizira mnzake adziwe kuti kunama kupolisi kapena kukhoti ndi mlandu, ndipo kwa Allah ndi tchimo lalikulu.

Makhoti athu amachedwa nthawi zina, ndipo ulendo wopita ku boma umadya ndalama ya thiransipoti. Zimenezi n'zoona, ndipo ngati mzikiti ukufuna kuthandiza, uthandize pamenepo: usonkhe ndalama yoti mwana ndi mboni zake afike kukhoti tsiku la mlandu, ndiponso yoti wonenezedwa wosauka akakumane ndi loya. Allah atipatse mtima woopa Iye kuposa kuopa manyazi a pamudzi.