Turbo si mankhwala a injini yotopa

Masiku apitawa mlamu wanga amene amalima tomato ndi kabichi cha ku Bvumbwe adandipeza ku Limbe nkhope ili mwee. Iye ali ndi pikapu ya Toyota Hilux ya dizilo, ya injini ija amati 2L, imene yakhala ikumunyamulira mbewu kupita ku msika wa Limbe ndi wa Blantyre kwa zaka zambiri. Nthawi zina amatsikira nayo ku Chikwawa kukagulitsa kabichi n'kubwerako ndi mbuzi kapena matumba a mapira. Tsopano galimotoyo yayamba ulesi. Ikasenza katundu imakwera chitunda ngati nkhalamba ya nyamakazi, utsi uli tolotolo kumbuyo.

Makaniko wina wa ku Ndirande adamuuza kuti mankhwala ake alipo: kuimangirira turbo yochotsa ku galimoto ina imene idachita ngozi. Mlamuyo amafuna kuti ndimubwereke ndalama yoonjezera. Ndidakana. Zifukwa zimene ndidamuuza ndikufuna ndikuuzeni inunso alimi anzanga, poti ambiri mwa inu galimoto yanu ndi imodzi yomweyo, ndipo ikafa, tomato amaolera kudimba.

Tiyambe ndi kudziwa chinthucho. Injini imapeza mphamvu potentha mafuta osakanizika ndi mpweya. Turbo ndi kachipangizo kooneka ngati chigoba cha nkhono, kokhala ndi timapiko tiwiri pa kamtengo kamodzi kachitsulo. Utsi wotuluka mu injini umazunguza phiko limodzi, ndipo linzakelo limakankhira mpweya wambiri mu injini. Mpweya ukachuluka, injini imatha kutentha mafuta ochuluka, mphamvu n'kukwera. Nzeru imeneyi si yalero. Adaitulukira ndi Alfred Büchi wa ku Switzerland m'chaka cha 1905.

Sindikunyoza turbo ayi. Kuno kwathu imathandizadi. Mukachoka pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, pamene ndi pafupifupi mamita 100 pamwamba pa nyanja yamchere, mumakwera mpaka kupitirira mamita 1,000 pofika mu mzinda wa Blantyre, ndipo Limbe ili pamwamba kuposa apo. Kumtunda mpweya ndi wopepuka. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zake pa mamita 1,000 alionse. Mapikapu ambiri a dizilo atsopano amabwera ndi turbo kuchokera ku fakitale. Choncho amene akuilakalaka sakulota.

Koma chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Injini imene idabadwa ndi turbo ndi yosiyana ndi inzake yopanda turbo, ngakhale zioneke zofanana kunja. A Toyota popanga 2L-T, a Nissan popanga TD27T, ngakhale a Isuzu popanga 4JB1-T, sadangomangirira chigoba cha nkhono pambali pa injini yakale n'kusamba m'manja. Adakonzanso za m'kati kuti zipirire moto wochuluka, ndipo pampu ya dizilo adaipanga yoti idzioonjezera mafuta molingana ndi mpweya umene ukulowa. Ngakhale zili choncho, amakaniko odziwa ntchito adzakuuzani kuti 2L-T ili ndi mbiri yong'amba mutu wa injini ikatenthedwa. Nanga ngati yobadwa nayo imavutika chotere, kuli bwanji yoimangirira ku ukalamba?

Funso limene mlamu wanga sadadzifunse ndi ili: kodi mphamvu za galimoto yake zidapita kuti? Hilux imeneyi ili yatsopano inkakwera chitunda cha Thabwa popanda turbo. Ngati lero ikulephera, ndiye kuti maring'i adatha, mavavu sakutseka bwino, manozo a dizilo akudontha m'malo mopopera, kapena fyuluta ya mpweya yadzaza fumbi. Kukankhira mpweya wambiri mu injini yotere kuli ngati kupopa chubu chobooka. Mpweya umadutsa m'mbali mwa maring'i, oilo n'kumatuluka paliponse. Gasiketi imene inkangogwirizira imaphulika. Mabering'i otha amalandira nkhonya yoposa kale.

Ndiye pali nkhani ya kutentha. Kuti mwini galimoto amve kuti ndalama yake yagwira ntchito, makaniko amatsegula pampu kuti idzithira dizilo wambiri. Tsiku loyamba galimoto imathamangadi, mwini wake n'kumaseka. Koma mapisitoni ndi a aluminiyamu, chitsulo chomwe chija timaumbira mapoto. Pa chitunda chachitali, katundu ali mbwee, phazi lili pansi, motowo umatha kusungunula pisitoni kapena kung'amba mutu wa injini, makamaka ngati redieta ndi yakale yomatamata. Eni ma Nissan 1400 ndi magalimoto ena a petulo a kabureta, inu ndiye musayerekeze n'komwe, chifukwa petulo akapanikizidwa mopitirira amaphulika nthawi isanakwane ndipo injini imatha msanga.

Turbo nayonso ili ndi zofuna zake. Imazungulira koposa ka 100,000 pa mphindi imodzi, ndipo moyo wake uli pa oilo waukhondo. Ife timayenda m'misewu ya fumbi, ndipo ambiri timasintha oilo pokhapokha ndalama ikapezeka. Turbo yogula pa mulu wa zitsulo zakale simudziwa kuti idayenda mtunda wotani. Ikayamba kudontha, oilo amalowa mu injini, ndipo injini ya dizilo imatha kuyamba kuyendera oilo wake womwe, osazima ngakhale mutachotsa kiyi, mpaka itadziphwanya yokha. Kumbukiraninso kuti zipangizo zonsezi n'zochokera kunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake m'masitolo a ku Limbe idakwera, ndipo cholakwa chimene kale mukadachikonza ndi phindu la dimba limodzi chikhoza kudya zokolola za chaka chonse.

Koma chimene chimandiopsa kwambiri si injini. Pikapu ya tani imodzi idapangidwa kuti inyamule matumba 20 a makilogalamu 50. Tonse timadziwa kuti timapitiriza, pamwamba pake n'kukwezanso anthu a matola. Injini yofooka, m'kuipa kwake, imamuletsa mlimi kusenza mopyola. Mukaipatsa mphamvu mudzaonjezera matumba, pamene mabuleki, masipuling'i, kalachi ndi matayala ndi akale omwe aja. Chitunda chilichonse chimene mwakwera chili ndi potsetsereka pake, ndipo pa makhotakhota a msewu wa Chikwawa turbo siimika galimoto. Injini ikafa timagula ina. Nanga anthu amene ali kumbuyo aja?

Tsono mlimi achite chiyani? Poyamba, pitani nayo kwa makaniko amene ali ndi geji yoyezera kupanikiza kwa injini, osati woyeza ndi khutu lokha. Sinthani fyuluta ya mpweya ndi ya dizilo, yezetsani manozo ndi pampu, tsukitsani redieta. Nthawi zambiri mphamvu zimabwerera ndi zinthu zazing'ono zomwezi. Ngati maring'i atha, chitani ovaholo, ndipo ndalama yotsala ipite ku mabuleki ndi matayala.

Ngati ntchito yanu yakuladi moti mukufuna mphamvu zoposa, sungani ndalama mugule injini yathunthu imene idabadwa ndi turbo, pamodzi ndi pampu yake ndi redieta yoyenera. Mukatero kalembetseni nambala ya injini yatsopanoyo ku Road Traffic ndipo adziwitseni a inshuwalansi, kuopa kuti angadzakukaneni tsiku la ngozi. Muzisintha oilo pa nthawi yake, ndipo mukafika pa ulendo wautali muziisiya injini ilire pang'onopang'ono mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse, kuti turbo izizire. Kapenanso gwirizanani pa kalabu yanu, mubwereke lole pa tsiku la katundu wambiri, pikapu ipume.

Mlamu wanga adachoka atakwiya, akuti ndine wokanika. Ndidamuuza kuti ndalama ya maring'i, manozo ndi mabuleki ndimubwereka mawa lomwe, koma ya turbo ayi. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Ndi bwino kufika pa msika wa Limbe mochedwa ndi theka la ola tomato ali m'mabasiketi, kusiyana n'kugona pa Chigumula mukudikira chingwe chokukokani.