Tebulo lakale la pulu si guwa la nsembe

Pali matenda ena amene amagwira munthu akangoyamba kugwira ndalama: chilichonse chakale chimasanduka chopatulika. Matendawa afika pa tebulo la pulu. Lowani pa Instagram kapena Pinterest muone. Matebulo a zaka zoposa 100, miyendo yosema ngati ya mkango, matabwa akuda bii, ndiye m'munsimu anthu akudandaula kuti masiku ano sapanganso zoterezi. Ine ndikuti zikomo kwambiri kuti sapanganso.

Zabwino zimene amisiri akale anatisiyira zilipo, ndipo n'zowerengeka. John Thurston wa ku London ndiye anatchukitsa zoyala mwala wa sileti pansi pa nsalu m'malo mwa matabwa, chifukwa thabwa limapindika ndi chinyezi pomwe mwala supindika. Ndi sileti yomweyo imene agogo athu ankalembapo kusukulu. Charles Goodyear atalembetsa njira yake yolimbitsira labala mu 1844, makushoni a m'mbali anasiya kulimba gwa kukazizira ndi kunata kukatentha. Ku Cincinnati, kampani ya Brunswick inayamba mu 1845. Ulemu wawo tiwapatse. Koma sileti ndi labala zili m'tebulo lililonse labwino limene likupangidwa lero. Ndiye ndalama zowonjezerazo mukulipira chiyani? Miyendo yosema ndi nthano basi.

Komanso tebulo lakalelo ndi lakale pati? Labala amauma, ndiye amasintha. Nsalu imaperepeseka, amasintha. Zikopa ndi maukonde a m'mabowo zimaola, amasintha. Mipira ndi yatsopano. Chilichonse chimene chimakhudza mpira pamene mukusewera n'chadzulodzuloli, kupatula mwala. Mukugula chimango, aise. Ndipo ngati ndi matebulo akuluakulu achingerezi aja, a mafiti 12 m'litali ndi 6 m'lifupi, kulemera kwake kumapitirira tani imodzi, sileti yake imabwera m'zidutswa zisanu, ndipo kuti ndodo isamagunde khoma mufunika chipinda cha mafiti pafupifupi 22 ndi 16. Anapangira nyumba za mabwana ndi makalabu awo. Inu ndi ine sitinali m'maganizo mwawo.

Koma eti tinalimo, kungoti mbali ina. Mipira ya matebulo amenewa inkasemedwa kuchokera ku minyanga ya njovu, ndipo mnyanga umodzi unkatulutsa mipira yochepa chabe chifukwa ankafuna pakati penipeni polimba. Minyanga yambiri inkachokera kuno ku Africa. Kuyambira m'ma 1840, a Jumbe ku Nkhotakota ankawolotsa minyanga ndi akapolo panyanja, ulendo wa ku Kilwa ndi ku Zanzibar, ndipo nthawi zina wosenza mnyangawo anali munthu amene nayenso akukagulitsidwa. Kampani ya African Lakes, ija timati Mandala, itayamba mu 1878 nayo inkagula minyanga. Kutsidya kwa nyanja minyangayo inkasanduka zipeso, makiyi a piyano ndi mipira yoti bwana azigunditsa akamwa tiyi. Ndiye wina akamati nthawi imeneyo inali ya ulemerero, funsani kuti ulemerero wa ndani. Mwana wa ku Nkhotakota kumasirira tebulo limenelo osadziwa izi, n'zomvetsa chisoni. Kudziwa koma n'kumasirirabe, apo ndiye ndilibe mawu.

Choseketsa n'chakuti mipira ya minyangayo sinali yabwino n'komwe. Inkang'aluka, inkasiya kukhala yobulungira nyengo ikasintha, ndipo inkafunika kukasemedwanso. John Wesley Hyatt cha m'ma 1869 anali kalikiliki kufunafuna cholowa m'malo mwake, mpaka anatulukira seluloidi, imodzi mwa mapulasitiki oyambirira. Lero mipira ya Aramith, yopangidwa ku Belgium, ndi yobulungira bwino, yolemera mofanana, ndipo palibe njovu imene imafera. Malonda a minyanga pakati pa mayiko analetsedwa mu 1989. Pamenepa chatsopano chinapambana chakale poyera, palibe apilo.

Ndikudziwa yankho lanu: zakale zimakhalitsa, onani tebulo ili latha zaka 120. Inde latha. Nanga anzake masauzande amene anapangidwa chaka chomwecho ali kuti? Anadyedwa ndi chiswe, ena anawazidwa nkhuni. Amene anapulumuka ndi aja anali odula kwambiri, m'nyumba zosadontha, zokhala ndi antchito opukuta fumbi. Kutenga opulumukawo n'kumayerekeza ndi tebulo lotchipa la pa botolo sitolo ya kwanu, n'chinyengo. Yerekezani chabwino ndi chabwino chinzake.

Musandimve molakwa, sindikuikira kumbuyo chilichonse chonyezimira. Tebulo la matabwa a utuchi wopanikiza, lopanda sileti, lokhala ndi magetsi a LED m'mbali ngati minibasi ya ukwati, ndi zinyalala zodula. Dzinja limodzi lokha lafufuma, mpira uyamba kukhota wokha ngati woledzera. Amene amagula limeneli ndi amene amagula lakale lija ndi pachibale: onse akufuna chithunzi, masewerawo alibe nawo ntchito.

Tebulo lopangitsa mwadala limene ndikunena ine ndi lina. Mumayeza chipinda chanu, mwina mafiti 7 ndi amene akukwana. Mumasankha kukula kwa mabowo malinga ndi pulu imene mumasewera. Mumaitanitsa sileti, labala ndi nsalu zenizeni, chifukwa pamenepo sipofunika kuumira. Chimango mumapereka kwa mmisiri wamoyo, wokhala ndi ana asukulu. Akalipentala a ku Mchesi kapena ku Ndirande amene amapanga zitseko ndi makabati a mlombwa ndi mbawa sangalephere chimango cholimba, bola muwapatse miyeso yolondola, matabwa ouma bwino ndi malipiro oyenera. Vuto lathu timanenerera mmisiri wakwathu mpaka atsale ndi ya sopo, kenaka n'kukalipira mamiliyoni pa ntchito ya mmisiri wa ku London amene anamwalira agogo athu asanabadwe. Tikatero timadabwa kuti luso likutha.

Matebulo akalewo akhale kumyuziyamu, pambali pake alembepo bwinobwino kumene mipira yake inkachokera. Koma ngati mukufuna losewerapo, mayeso ake ndi amodzi, ndipo aliyense woika tokeni pa bala amawadziwa: kankhani waiti pang'onopang'ono kuchokera uku kukafika uko, muone ngati ipite molunjika. Mpira sudziwa chaka chimene tebulo linapangidwa.