Foni Sinafe, Lafa ndi Batire

Amayi anga amakhala ku Chikwawa, ndipo foni yomwe ndinawagulira zaka zitatu zapitazo ndiyo banki yawo, ndiyonso njira yokhayo yomwe ndimadziwira kuti adzuka bwanji. Chaka chatha foniyo inayamba kutha moto dzuwa lisanafike paliwombo. M'mawa amatuma mdzukulu kukaitchajitsa pagolosale ya sola, n'kulipira. Ikabwera ikuonetsa 100, nthawi ya nsima ya masana ili pa 30, kenako zii, yazima. Tsiku lina atadwala ndinawatumizira ndalama yoti akwerere njinga yamoto kupita kuchipatala. Ndalamayo inagona m'foni yozima mpaka m'mawa mwake, iwo ali chigonere pamphasa.

Nditaitenga foniyo n'kupita nayo kusitolo ina mu Blantyre, mnyamata wogulitsa sanaitembenuze n'komwe. Anangoti, "Bwana, imeneyi yatopa, amayiwo ingowagulirani ina," uku akundilozera zatsopano zomwe zinali m'galasi. Sikirini inalibe mng'alu, kamera inkajambula bwino, mawu ankamveka. Chotopa chinali chimodzi chokha, kachinthu kaphanthiphanthi kokhala kuseri kwa chivundikiro. Kodi njinga ikatha tayala timataya njinga yonse?

Musanandiuze za malangizo aja, ndinawayesa onse. Chepetsani kuwala kwa sikirini, zimitsani Bluetooth ndi GPS, letsani Facebook ndi TikTok kugwira ntchito mobisa pamene simukuzigwiritsa. Malangizowa si abodza. Sikirini imadyadi moto kwambiri, ndipo mukalowa mu Settings n'kutsegula pa Battery, foni imakuonetsani yokha pulogalamu yomwe ikukudyerani moto. Yambirani pamenepo, ndipo timapulogalamu tonena kuti "timayeretsa" foni kapena "kuziziritsa" batire tichotseni, chifukwa tambiri mwa ito ntchito yake n'kukuonetsani malonda, komwe kumadyanso moto ndi bandulo yomwe. Koma zonsezi zimathandiza batire likadali lamoyo. Likatha, kulangiza munthu kuti achepetse kuwala kuli ngati kumuuza mwini ndowa yobooka kuti azimwa madzi pang'ono. Chomwe chimandikwiyitsa n'chakuti malangizowa amasiya mlandu wonse m'manja mwa wogula, ngati kuti amayi anga, omwe sadziwa n'komwe kuti TikTok n'chiyani, ndiwo anawononga foni ndi kusasamala.

Batire la foni ndi chinthu chotha, monga sopo. Mabatire amtundu wa lithium-ion, omwe kampani ya Sony inayamba kugulitsa mu 1991, amagwira ntchito posamutsa tizidutswa ta lithiamu kuchoka mbali ina kupita mbali inzake pamene mukutchaja, n'kubwerera pamene mukugwiritsa ntchito. Ulendo uliwonse tina timakanirira panjira osabwereranso. Opanga mafoni amadziwa zimenezi ndipo sabisa kwa amene wafufuza: Apple imanena yokha kuti batire la iPhone 14 ndi mafoni ake am'mbuyomo linapangidwa kuti lizisunga magawo 80 pa 100 a mphamvu yake likatchajidwa kodzaza maulendo 500. Werengani nokha. Munthu wodzaza ndi kutsiriza batire tsiku lililonse amafika pa 500 chaka ndi theka chisanakwane. Batire lokalamba limalepheranso kutulutsa mphamvu yambiri pakamodzi, choncho foni ikafuna moto wochuluka mwadzidzidzi, mwina potsegula kamera kapena poyimba, imangozima ngakhale ikuonetsa 30. Nayo nthenda ya foni ya amayi.

Ndiye onjezani moyo wathu kuno. Mdani wamkulu wa batire ndi kutentha, ndipo opanga mafoni amalangiza kuti foni isamagwiritsidwe ntchito pamalo otentha kuposa madigiri 35. Kuchigwa cha Shire mu Okutobala kumapitirira madigiri 40 munthu ali pamthunzi, nanji m'nyumba ya malata. Netiweki ikakhala yofooka foni imawonjezera mphamvu pofunafuna nsanja, ndipo mafoni athu ambiri ali ndi malayini awiri, onse akufunafuna. Akatswiri amatinso batire limakhalitsa mukamalisunga pakati pa 20 ndi 80, osalidzaza, osalitsiriza. N'zoona. Koma langizo limenelo n'la munthu yemwe ali ndi soketi pambali pa bedi ndi magetsi osazima. Amene amalipira kuti atchajitse sangauze wagolosale kuti achotse foni pa 80. Amadzaza mpaka pakamwa, n'kuigwiritsa mpaka izime, chifukwa mawa sakudziwa ngati adzakhale ndi yolipirira. Mapeto ake, wosauka ndiye amene batire lake limafa msanga, ndiyenso amene akuuzidwa kuti agule foni ina.

Sizinali chonchi kale, ndipo kale lake si la makolo. Amene munagwirapo Nokia ya mabatani mukukumbuka kabatire ka BL-5C. Likatopa munkatsegula kuseri ndi chikhadabo, kuchotsa, kuika lina logula pamsika, nkhani yatha. Ena ankayenda ndi awiri m'thumba. Lero batire analimata ndi guluu, chivundikiro anachimatanso, ndipo kuti mutsegule pamafunika mpweya wotentha ndi dzanja lodziwa.

Akutiuza kuti anamata pofuna kuti foni ikhale yopyapyala ndi yosalowa madzi. Za kupyapyalazo ndavomera, ngakhale sindinamvepo mayi wogulitsa tomato akudandaula kuti foni yake yanenepa. Koma za madzizo ayi. Samsung Galaxy S5 ya mu 2014 inali ndi batire lochotsa ndi manja, ndipo inali yosalowa madzi pa muyeso wa IP67. Chaka chotsatira kunabwera Galaxy S6, batire lotsekeredwa mkati, chitetezo cha madzi chija palibe. Ndiye guluuyo ankateteza chiyani?

Nkhani ya Apple ndiyo imaonetsa poyera pomwe pagona ndalama. Mu Disembala 2017 kampaniyi inavomera kuti inkachepetsa liwiro la ma iPhone okhala ndi mabatire okalamba. Inati inkatero pofuna kuti mafoniwo asamazime mwadzidzidzi, ndipo mwaukatswiri chifukwacho n'chomveka. Cholakwa chinali kusawauza eni mafoni, omwe ambiri ankaganiza kuti foni yonse yakalamba. Anthu atakwiya, mtengo wosinthira batire unatsitsidwa kuchoka pa madola 79 kufika pa 29 m'chaka cha 2018. Mu Januwale 2019, mkulu wa kampaniyi, Tim Cook, polembera eni masheya za kuchepa kwa malonda a iPhone, anatchula kusinthitsa mabatire motchipaku ngati chimodzi mwa zifukwa zomwe anthu sanagulire mafoni atsopano. Mwamva? Batire likasinthika mosavuta, anthu amakhala ndi mafoni awo. Dziko la France linalipiritsa Apple mayuro 25 miliyoni mu Febuluwale 2020 chifukwa chosawadziwitsa ogula.

Maiko a European Union sanathere pa chindapusa. Kuyambira pa 20 Juni 2025, foni yogulitsidwa kumeneko iyenera kukhala ndi batire losungabe magawo 80 pa 100 likatchajidwa maulendo 800, ndipo zipangizo zosinthira ziyenera kupezeka kwa zaka 7 foniyo itasiya kugulitsidwa. Lamulo lina la mu 2023 likuti pofika Febuluwale 2027 mabatire a zipangizo zonyamula m'manja azitha kuchotsedwa ndi mwini wake. Sindikuti malamulowa ndi angwiro. Makampani anasiyiridwa pothawira: foni yosalowa madzi yokhala ndi batire lopirira maulendo 1,000 ikhoza kukhalabe yomata. Komabe kumeneko wina anakhala pansi n'kunena kuti batire lotha m'chaka ndi theka si tsoka la wogula, ndi mlandu wa wopanga.

Nanga ife? Pafupifupi magawo 70 pa 100 a kobati wa dziko lonse, mwala womwe umalowa m'mabatire a mafoni, amakumbidwa ku Congo, madera a Kolwezi, kufupi ndi malire a Zambia. Lithiamu akukumbidwa ku Bikita m'dziko la Zimbabwe. Miyala imachoka m'dera lathu lino, n'kubwerera itamatidwa m'foni yomwe sitiloledwa kutsegula, nthawi zina foniyo ili yakaunjika yomwe batire lake linatheratu m'thumba la munthu wa ku London kapena Dubai. Chonsecho tili nawo mabungwe omwe amavomereza zipangizo zoyankhulirana zisanagulitsidwe: MACRA ku Malawi, ZICTA ku Zambia, POTRAZ ku Zimbabwe, ICASA ku South Africa. Chikuletsa n'chiyani kuti mabungwewa, pamodzi ndi oona za miyezo ya katundu, agwirizane pansi pa SADC kuti wobweretsa foni abweretsenso mabatire ake enieni kwa zaka zingapo, ndi kuti foni yakaunjika izigulitsidwa italembedwa mphamvu yomwe yatsala m'batire? Dziko limodzi laling'ono makampani angalinyoze. Msika wa chigawo chonse sangausiye.

Tisanamizire akunja okha. Misika yathu yadzaza mabatire achinyengo, olembedwa 5000 mAh pomwe mkati mulibe ndi theka lomwe, ndipo akuwaitanitsa ndi abale athu, akudziwa. Batire lotere limatupa m'miyezi yochepa, ndipo batire lotupa si loseweretsa. Mukaona chivundikiro chikudzuka kapena sikirini ikutukuka, siyani kutchaja, musaliboole, musaliike pansi pa pilo. Limayaka moto wovuta kuzimitsa.

Amene anapulumutsa foni ya amayi ndi bambo wina wokonza mafoni pamsika, tebulo lake pansi pa ambulera. Anaitenthetsa kuseri, kuitsegula pang'onopang'ono ndi kapulasitiki, n'kundionetsa batire litafufuma ngati chitumbuwa. Anandiika patsogolo mabatire awiri. "Achimwene, ili n'lotchipa koma pofika Khirisimasi mudzabweranso. Ili n'lodulako, ndipo ndikupatsani miyezi itatu, likavuta mudzandipeza pompano." Ndinatenga lodulalo, ndipo zonse pamodzi ndi ntchito sizinafike gawo limodzi mwa magawo asanu a mtengo wa foni yomwe mnyamata wa m'sitolo uja ankandilozera. Tsopano amayi akatchajitsa m'mawa imawafikitsa mawa lake.

Nditafunsa koti ndikasiye batire lakalelo, bambowo anaseka n'kundilozera ngalande ya kuseri kwa msika. Ndinalitenga. Lili m'chitini cha mchenga pakhonde panga, mwezi wachisanu ndi chitatu uno.