Mendulo ya Vijay Kumar ndi funso la momwe boma limathokozera antchito ake

Pa 3 August 2012, msilikali wa dziko la India, Vijay Kumar, adapeza mendulo ya siliva pa masewero a Olimpiki mumzinda wa London pa mpikisano woombera chandamale mwachangu ndi mfuti ya mtundu wa pistol. Patangotha masiku ochepa chabe, nyuzipepala za m'dziko mwake zidadzaza ndi nkhani yoti msilikaliyu akulingalira zosiya ntchito kaamba koti adakhala zaka zambiri osakwezedwa pa udindo ngakhale ankabweretsera dziko lake ulemu. Nkhani yake ikuonetsa zomwe boma lingakwanitse likaika chuma pa luso la anthu ake, komanso pomwe ndondomeko za ntchito za boma zimaperewera luso lija likabala zipatso.

Kumar adabadwa mchaka cha 1985 m'boma la Hamirpur, m'chigawo cha mapiri cha Himachal Pradesh kumpoto kwa India. Bambo ake nawonso adali msilikali. Iye adalowa usilikali mchaka cha 2001 ali wachichepere, m'gulu la Dogra Regiment, ndipo akuluakulu ataona luso lake pa mfuti adamutumiza ku Army Marksmanship Unit, malo omwe gulu la asilikali a India limaphunzitsirako akatswiri oombera m'tauni ya Mhow, m'chigawo cha Madhya Pradesh.

Kutumizidwa kumeneku ndiko kudatsegula njira yake. Masewero oombera ndi odula kwambiri chifukwa mfuti za mpikisano ndi zipolopolo zake zambiri zimagulidwa kunja, malamulo okhala ndi mfuti ku India ndi okhwima, ndipo munthu amafunika kuphunzira tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Abhinav Bindra, yemwe adapata mendulo ya golide ku Beijing mchaka cha 2008, amachokera m'banja lolemera lomwe lidamumangira malo oomberako pakhomo. Mnyamata wa kumudzi ngati Kumar sakadakwanitsa zoterezi. Gulu la asilikali ndilo lidamupatsa mfuti, zipolopolo, aphunzitsi, malipiro a pamwezi komanso nthawi yokwanira yokonzekera.

Izi sizidangochitika mwangozi. Mchaka cha 2001 gulu la asilikali a India lidakhazikitsa ndondomeko yotchedwa Mission Olympics, cholinga chake chili kusula asilikali oti akapikisane pa masewero a dziko lonse. Chipatso choyamba chidaoneka mchaka cha 2004 pomwe Rajyavardhan Singh Rathore, yemwe panthawiyo adali pa udindo wa Major, adapeza mendulo ya siliva ku Athens pa mpikisano woombera ndi mfuti yaikulu.

Kumar naye sadachedwe kuonetsa luso. Pa masewero a Commonwealth a mchaka cha 2006 ku Melbourne adapata mamendulo awiri a golide, imodzi payekha ndipo ina mothandizana ndi Pemba Tamang. Mchaka cha 2007 boma lidamupatsa mphotho ya Arjuna. Masewero a Commonwealth atachitikira kwawo ku Delhi mchaka cha 2010, iye adapeza mamendulo atatu a golide ndi imodzi ya siliva.

Mpikisano womwe adapambanira ku London ndi umodzi mwa yovuta kwambiri pa masewero oombera. Opikisana amaima mamita 25 kuchokera pa zandamale zisanu, mfuti ili m'dzanja limodzi, ndipo mundime yomaliza amayenera kuombera zandamale zonsezo m'masekondi anayi okha. Chipolopolo chinkawerengedwa pokhapokha chagunda pafupi kwambiri ndi pakati pa chandamale. Mwa zipolopolo 40, Leuris Pupo wa ku Cuba adalasa ndi 34 ndipo adatenga golide, Kumar adalasa ndi 30, pomwe Ding Feng wa ku China adakhala wachitatu. Alexei Klimov wa ku Russia, yemwe mundime yoyamba adapeza mapointi 592 mwa 600, omwe padali pasadapezekenso munthu wowafika pa dziko lonse, adathera pa nambala yachinayi osapeza mendulo. India idachoka ku London ndi mamendulo asanu ndi imodzi, ndipo awiri okha ndiwo adali a siliva.

Vuto lidabuka pa nkhani ya udindo. Panthawiyo Kumar adali Subedar. M'gulu la asilikali a India, maudindo a Naib Subedar, Subedar ndi Subedar Major ndi a pakati, pamwamba pa asilikali wamba koma pansi pa maofesala enieni kuyambira Lieutenant kupita m'mwamba. Kuti munthu awoloke kuchoka m'gulu la pakatili kukakhala ofesala pamafunika maphunziro, mayeso ndi kusankhidwa motsata malamulo, ndipo mendulo ya masewero siyikhala chiphaso cholowera. Kumar adadandaula poyera kuti anzake ogwira ntchito m'nthambi zina za boma ankakwezedwa msanga akapambana, pomwe iye adangokhala pamodzimodzi.

Mbali zonse ziwiri zidali ndi mfundo zomveka. Gulu la asilikali limayendera mwambo, ndipo udindo wa ofesala ndi wotsogolera anthu pa nkhondo, choncho kuupereka ngati mphotho ya masewero kungathe kukhumudwitsa ena omwe adaugwirira ntchito kumalire a dziko. Komanso munthu yemwe wapereka unyamata wake wonse kuimira dziko, pa ntchito yomwe olemba ntchito ake adamutuma okha, ali ndi ufulu wofunsa kuti tsogolo lake ndi lotani.

Madandaulo atamveka, akuluakulu adachitapo kanthu mwachangu. M'mwezi womwewo wa August Kumar adakwezedwa kukhala Subedar Major. Chaka chomwecho adalandira mphotho ya Rajiv Gandhi Khel Ratna, yomwe idali yapamwamba kwambiri pa zamasewero ku India, ndipo mchaka cha 2013 adalandira ulemu wa Padma Shri. Adapuma usilikali mchaka cha 2017 ali ndi udindo waulemu wa Captain, kenaka boma la chigawo cha kwawo lidamulemba ntchito ku polisi pa udindo wa Deputy Superintendent.

Chofunika kuchilingalira ndi dongosolo lomwe zinthuzi zidayendera. Ndondomeko yosula katswiri idalipo ndipo idagwira ntchito kwa zaka zoposa khumi, koma yankho la funso loti katswiriyo akadzapambana adzathokozedwa motani lidapezeka iye atayamba wadandaula kwa atolankhani. Mphotho yobwera motere imaoneka ngati yokakamiza, ndipo imaphunzitsa antchito ena kuti wolira mokweza ndiye amamvedwa.

Ntchito ya katswiri wa masewero ndi yaifupi ndipo imatha kusokonezeka mosayembekezereka. Kumar sadakwanitse kupeza malo opita ku Olimpiki ya ku Rio de Janeiro mchaka cha 2016. Msilikali wina wochokera ku Mhow komweko, Jitu Rai, yemwe adabadwira ku Nepal ndipo adali m'gulu la Gorkha Rifles, adapata golide pa masewero a Commonwealth ku Glasgow ndi pa masewero a maiko a ku Asia ku Incheon mchaka cha 2014, pa mpikisano wa pistol wa mamita 50. Masewero a ku Rio atatha, mpikisano umenewu udachotsedwa pa Olimpiki. India sidapeze mendulo iliyonse yoombera ku Rio ngakhalenso ku Tokyo mchaka cha 2021, mpaka mchaka cha 2024 pomwe idapata mamendulo atatu a buronzi ku Paris.

Ngakhale zili choncho, njira yodzera ku usilikali ikadali yothandiza. Neeraj Chopra, yemwe adapata golide poponya nthungo ku Tokyo, adalembedwa usilikali pa udindo wa Naib Subedar mchaka cha 2016, ndipo mchaka cha 2025 adapatsidwa udindo waulemu wa Lieutenant Colonel.

Kwa iwo omwe amakonza malamulo a kagwiridwe ka ntchito m'boma, phunziro la nkhani ya Kumar ndi loti nthambi yomwe yaganiza zolera luso iyenera kulemba pachiyambi pomwe zomwe wopambana adzalandire, malire a kukwezedwa kwake, komanso ntchito yomwe adzagwire akadzasiya kupikisana. Zikalembedwa msanga, wantchito amadziwa chomwe akuvutikira, anzake saona ngati pachitika tsankho, ndipo akuluakulu sakakamizika kupanga chiganizo chifukwa cha phokoso la m'nyuzipepala.