CHIFUKWA NINJI TIMVA ZA KWATHU KWA ANTHU AKUTALI?



Palibe mudzi kuno umene ulibe mwana wake ku Blantyre. Wina ali ku Ndirande, wina achita lendi ku Bangwe, wina agulitsa makala ku Machinjiri kapena tomato ku Zingwangwa. Anawa akabwera kudzationa satenga shuga ndi sopo zokha ayi, atenganso nkhani. Ukafunsa kuti, "Mwazimva kuti zimenezi?" kawirikawiri ayankha kuti zalembedwa ndi Amalawi anzathu okhala ku London kapena ku Johannesburg. Tsono mamembala ena atifunsa: kodi nkoyenera kuti munthu wokhala kutali aziulula nkhani za asilikali, za apolisi ndi za Boma, zimene eni ake kuno azitcha zinsinsi za dziko? Funsoli ndi lalikulu, ndipo tiliyankha poyera.

Tiyambe ndi zimene makolo athu anaona. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analetsa Congress, atsogoleri anagwidwa usiku, ndipo anthu oposa 50 anaphedwa ndi mfuti za Boma. Atsamunda anati achita izi poteteza dziko, pakuti panali chiwembu chopha Azungu. Pakamwa pa anthu panatsekedwa. Koma Kanyama Chiume anali kunja masiku amenewo, ndipo ali ku London analankhula ndi kulemba zimene abale ake m'ndende sakanatha kunena. Mu Julayi chaka chomwecho bungwe la Woweruza Devlin, lotumidwa ndi Boma la Britain lomwelo, silinapeze chiwembu chija monga atsamunda anachifotokozera, ndipo linati Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Kodi wonama anali yani, wa kunja kapena wa mu ofesi ku Zomba?

Tikadakondwa kunena kuti mchitidwewu unapita ndi atsamunda, koma sitinganame. Dziko litalandira ufulu, wayilesi inali imodzi yokha, ya MBC, ndipo Daily Times ndi Malawi News zinkalemba zokomera olamula. Lamulo la 1968 linapatsa Boma mphamvu yoletsa mabuku ndi zolembedwa. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anafera ku Mwanza. Ife tinauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Amalawi othawira kunja ndi nyuzipepala zakunja anakana, nati anthuwa achita kuphedwa. Mlandu suola: mu 1995 bungwe lofufuza la Woweruza Mtegha linapeza kuti anaphedwadi ndi apolisi, ngakhale kuti akuluakulu amene anazengedwa mlandu pambuyo pake bwalo linawamasula.

Musaganize kuti kulemba uli kunja kunali nchito yopepuka. Attati Mpakati anavulazidwa manja ndi bomba la m'kalata ku Maputo mu 1979, naphedwa ku Harare mu 1983. Mtolankhani Mkwapatira Mhango anafa mu Okutobala 1989 pamene nyumba yake ku Lusaka inaponyeredwa moto, ndipo anafera pamodzi ndi a m'banja lake. Awa sanalembe pofuna kutchuka.

Anthu a ku Blantyre akumbukira bwino chaka cha 1992. Pa 8 Malichi kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, ndipo Boma linati aliyense wopezeka nayo ali ndi mlandu woukira. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana anagwidwa atangotsika ndege pochokera kunja. Mu Meyi anchito a pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead, pafupi ndi Ndirande, ananyanyala nchito. Chipolowe chinafalikira mu mzinda wonse, ndipo anthu oposa 20 anafa. Taonani tsono: munthu wa ku Ndirande anamva kulira kwa mfuti ndi makutu ake, koma kuti adziwe zimene zachitika kuseri kwa phiri lake, anadikira usiku, natseka chitseko, natsitsa mawu a wayilesi kuti amve BBC. Makalata opanda dzina ndi mapepala ochokera ku Lusaka ankayenda m'manja ndi m'manja, obisidwa m'malaya ndi pansi pa mphasa, ndipo ambiri anamangidwa chifukwa cha pepala limodzi. Mapepala amenewo anathandiza kutifikitsa pa 14 Juni 1993, pamene anthu 63 mwa 100 alionse ovota anasankha zipani zambiri.

Ngakhale m'masiku a zipani zambiri chizolowezichi chinabwerera. Pa 20 Julayi 2011, pamene anthu anachita zionetsero ndipo pafupifupi 20 anaphedwa, mawayilesi analetsedwa kuulutsa zochitikazo pamene zinkachitika. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anamwalira pa 5 Epulo 2012, koma Boma linavomereza pa 7 Epulo, dziko lonse litamva kale kuchokera kunja.

Chifukwa chake yankho lathu ndi ili: nkhani ithawira kunja pamene kwawo ayitsekera khomo. Amene akwiya ndi olemba akutali ayambe wafunsa amene anatseka khomolo.

Komabe sitikunena kuti palibe chinsinsi choyenera kusungidwa. Ana athu akakhala ku nkhondo, monga anapitira ku Congo kukasungitsa mtendere, munthu wolengeza kumene agona ndi njira imene adzayende mawa ali ngati wowapereka kwa adani. Chimenecho ndi chinsinsi chenicheni. Koma imfa ya munthu m'manja mwa apolisi, mtengo umene Boma lagulira katundu ndi ndalama za msonkho wathu, kudwala kapena imfa ya mtsogoleri wa dziko, izi si chitetezo ayi. Nthawi zambiri mawu akuti "chitetezo cha dziko" ndi bulangete lofunditsa manyazi a munthu mmodzi.

Ndiponso sitikunena kuti zonse zochokera kunja ndi zoona. Walira mvula walira matope. Lero lamya ya m'thumba ibweretsa choona ndi bodza m'dengu limodzi. Wolemba ali kutali sanaone ndi maso ake. Wauzidwa ndi wina, ndipo winayo mwina ali ndi mangawa ake kapena walipidwa ndi wandale. Akanama, iye agona bwino ku London, koma moto uyaka ku Chilomoni. Kumbukirani mphekesera za anamapopa mu 2017, zimene zinayenda ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka kufika mu Blantyre, anthu osalakwa naphedwa. Bodza lipha monga chipolopolo.

Tsono tipempha nthambi iliyonse kuchita zinthu zitatu.

Choyamba, nkhani ikafika m'mudzi, musathamange nayo. Funsani: walemba ndani, ndipo dzina lake alitchula? Ali ndi umboni wanji, kalata kapena mboni? Kodi alipo wina, wosakhala mnzake, amene wanenanso zomwezo? Ngati mayankho palibe, isungeni m'kamwa.

Chachiwiri, musanyoze kapena kuneneza mnzanu chifukwa wamva kapena wawerenga za kunja. Tinaona kale kumene kunenezana kunatifikitsa.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, gwiritsani nchito mphamvu imene muli nayo kale. Gawo 36 la malamulo aakulu a dziko lipatsa atolankhani ufulu, ndipo gawo 37 lipatsa inu ufulu wodziwa zimene Boma lisunga. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za Boma linayamba kugwira nchito pa 30 Sepitembala 2020. Mlembi wa nthambi atenge cholembera, alembe kalata ku khonsolo kapena kwa DC, afunse za ndalama za mlatho, za mjigo, za chipatala. Akakana kuyankha, funsani phungu wanu pamsonkhano, pamaso pa mafumu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Tiyamika ana a dziko lino amene analankhula ali kutali pamene ife sitikanatha, makamaka iwo amene analipira ndi moyo wawo. Koma si ulemu kwa mtundu kuti za m'nyumba mwake uzimva kwa wodutsa m'njira. Tsiku limene mayi wa ku Bangwe ndi mlimi wa kumudzi kuno adzafunsa Boma lawo nayankhidwa choona masana, tsiku limenelo sitidzadikiranso usiku kuti timve za kwathu. Nkhaniyi ikambidwe pa msonkhano wa nthambi ukudzawu, ndipo alembi atitumizire zimene mwagwirizana.

MKONZI