Nyumba ya mwini saotchera mbewa

Ogasiti akangolowa, utsi umayamba kufuka m'mapiri ndi m'madambo. Pofika Okutobala, woyenda mumsewu wa M1 kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Dedza mpaka ku Ntcheu amangoona lupsa mbali zonse, kwinaku anyamata akuimika mipani ya mbewa galimoto ikamadutsa. Akuluakulu adati nyumba ya mwini saotchera mbewa. Ana a masiku ano ayamba kuotcha nyumbayo kuti mbewa ituluke.

Kodi chimene tchire likupsera n'chachikulu bwanji? Tengani pinji, kambewa kakang'ono zedi ka m'maudzu. Thupi lake, kupatula mchira, silipitirira masentimita 8, ndipo kamalemera magalamu 3 mpaka 12. Kuti pakwane kilogalamu imodzi pafunika apinji pafupifupi 100. Kapuku amene ogula amalimbirana uja, kaya mphoni yoyenda masana ija, ndi zamagalamu ngati 50. Akazitumbula, kuziwiritsa ndi mchere n'kuziumika pamoto, chotsala pampani n'chikopa, timafupa ndi kamnofu kosakwanira mbamu ziwiri za nsima.

Tsono ikani pa sikelo yomweyo zimene zimapsa. Mayi watuta mapesi pamutu n'kuphimbira munda wake monga adamulangizira alangizi, kuti chinyontho chisathawe ndiponso mvula isakokolole nthaka. Machesi amodzi a mwana wa eni, pofika madzulo m'munda mwatsala phulusa. Udzu wofolera umene ukanamwetedwa wapita, wosauka n'kumagona m'nyumba yothonya dzinja lonse. Mbande zimene timadzala ndi nyimbo, zolankhula ndi ma T-shirt kuyambira Disembala mpaka Epulo zimafa zisanaone dzinja lachiwiri. Chaka chamawa timabwerera pamalo omwewo ndi makasu atsopano, ojambula ali pambuyo.

Palibe akunyoza mbewa. Ndi ndiwo yokoma, ndipo m'makomo ambiri ndiyo nyama yokhayo imene mwana amalawa m'chilimwe. Ndalama za mipani zagulira ana ambiri makope. Kapuku naye si mnzake wa mlimi, amafukula mbewu zongodzala kumene, choncho womupha wathandiza. Komatu makolo ankagwira mbewa zomwezi ndi khasu, kulondola una mpaka kufunkha, kapena kutchera diwa ndi kachimanga kokazinga. Zimenezo zimafuna thukuta ndi kuleza mtima. Moto ndi njira ya waulesi, amene amati akayatsa n'kuona malawi akula amathawa, n'kusiyira eni minda ntchito yozimitsa ndi masamba.

Chopweteka n'chakuti wotentha tchire sasowa. Mudzi wonse umadziwa ana amene adatuluka m'mawa ndi agalu ndi zibonga, ndipo makolo awo adadya nawo ndiwozo usiku womwewo osafunsa kuti zachokera m'munda mwa yani. Lamulo la nkhalango la 1997 limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango zotetezedwa, koma munda wa mayi wamasiye ulibe mlonda wina kuposa bwalo la amfumu. Kumeneko nkhani ya mbuzi yolowa m'dimba imazengedwa tsiku lomwelo, koma ya phiri lopsa imathera pa mawu akuti "ndi ana awa".

Inu mafumu ndi nyakwawa, itanani makolo a anawo kubwalo, alipire chindapusa, ndipo mvula ikagwa akadzale okha mitengo imene idapsayo.