Kodi Mulembela Munthu Kapena Makina?

Inu acinyamata anzanga, pali malonda ena amene afika pa mafoni anu masiku ano, ndipo ndifuna tikambilane za iwo mosabisa mau. Amati khalani pa nyumba, muzilembela makampani nkhani za pa webusaiti, mudzalandila madola. Ena amaonjeza kuti mukagula pulogalamu yao ya pa kompyuta, kasitomala wanu adzakwela pa nambala 1 pa Google sabata isanathe. Kwa munthu amene anamaliza Giledi 12 zaka zitatu zapitazo, amene nsapato zinamuthela poyenda ndi makalata ofunsila nchito, mau amenewa amakoma ngati uci. Komatu cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyelele.

Nchito yolembela ena nkhani si yoipa iai. Ndi nchito yabwino, ndipo ingadyetse banja. Cimene ndikana ine ndi njila imene ambili aphunzitsa acinyamata, yakuti wolemba aiwale munthu wowelenga ndi kuyamba kunyengelela makina. Njila imeneyo ndi cinyengo, ndipo woyamba kupsa nayo ndi wolemba mwini.

Mmene zinthu zimayendela

Kampani ya Google anaiyambitsa Larry Page ndi Sergey Brin mu 1998, ali ophunzila pa yunivesite ya Stanford ku America. Makina ao amayendayenda pa intaneti usiku ndi usana kuwelenga masamba ndi kuwasunga m'kaundula. Inu mukalemba funso, makinawo amasankha tsamba loyenela kukhala poyamba, lina paciwili, lina pacitatu. Nzelu ya anyamata awiliwa inali yakuti tsamba limene masamba ena ambili amalilozela ndi malinki liyenela kukhala lodalilika, monga mmene mmisili wabwino amadziwikila cifukwa anthu ambili amakulozelani kwa iye.

Tsono anthu ambili sapitilila pa tsamba loyamba la mayankho. Cifukwa cake wamalonda aliyense afuna kuonekela pamwamba, ndipo luso lomufikitsa pamenepo amalicha SEO. Mbali yoona ya lusoli ndi yosavuta kuimvetsa. Mupatse tsamba mutu womveka, mulembe ndi mau amene anthu amafunsila, tsambalo lizitseguka msanga pa foni. Ndi cimodzimodzi kulemba cikwangwani cooneka bwino pa khomo la sitolo. Mapulogalamu monga Semrush ndi Ahrefs amathandiza kudziwa mau amene anthu amafufuza kawilikawili, ndipo ena a iwo amalipilidwa madola opitilila 100 mwezi uliwonse. Google nayo ili ndi cipangizo cake caulele, Search Console. Zimenezi ndi zida cabe, monga khasu. Koma khasu silinabyalepo cimanga lokha.

Pamene nchito imaolela

Mvelani zimene acinyamata ambili amauzidwa kucita. Coyamba, kubweleza mau amodzimodzi mpaka nkhani kutaya nzelu: malo ogona ku Mfuwe, malo ogona ochipa ku Mfuwe, ngati mufuna malo ogona ku Mfuwe bwelani ku malo athu ogona ku Mfuwe. Kodi munthu wamoyo amalankhula conco? Caciwili, kutenga nkhani ya mwini, kuiika m'pulogalamu yosintha mau apa ndi apo, ndi kuigulitsa ngati yanu. Kumudzi mbuzi yakuba siikhala yanu cifukwa mwaidula khutu. Cacitatu, kugula malinki mazanamazana pa masamba opanda pake kuti makina aganize kuti kasitomala wanu ndi wochuka. Cacinai, cimene cili coipitsitsa, kulemba ndemanga zabodza. Lelo ndinu mayi wa ku London amene anagona pa hotela ndipo anakondwa, mawa ndinu bambo wa ku Johannesburg amene anagula mankhwala ndipo anacila, pamene simunaoneko ndi khomo lomwe.

Aphunzitsi a njila zimenezi amazicha kucenjela. Tiyeni tione kumene ocenjela anzao anathela.

Mlandu suola

Mu February 2006, Google inacotsa m'kaundula wake webusaiti ya ku Germany ya kampani ya magalimoto ya BMW. Cifukwa cake cinali cakuti panali masamba oonetsa makina cinthu cina ndi kuonetsa anthu cinthu cina, odzaza ndi mau amodzimodzi obwelezedwa kambilimbili. Anaibwezelamo atacotsa masamba amenewo.

Mu February 2011, nyuzipepala ya New York Times inaulula kuti sitolo yaikulu ya ku America, J.C. Penney, inali kukhala pa nambala 1 pa katundu wosiyanasiyana cifukwa ca malinki zikwizikwi oikidwa pa masamba osagwilizana konse ndi malonda ake. Google itacitapo kanthu, pa mau ena sitoloyo inatsika kucoka pa nambala 1 kufika kupitilila nambala 60. Eni sitolo anati sanali kudziwa, ndipo anacotsa nchito kampani imene inali kuwacitila SEO. Taonani bwino pamenepa. Zinthu zitavuta, kasitomala anasamba m'manja, ndipo wolembedwa nchito ndiye anasenza mtolo. Kodi muganiza kuti kwa inu zidzasiyana?

Mwezi womwewo Google inasintha makina ake, kusintha kumene kumadziwika ndi dzina lakuti Panda, pofuna kutsitsa mawebusaiti odzaza ndi nkhani zopanda thupi. Google inanena kuti kusinthako kunakhudza pafupifupi mafunso 12 pa 100 alionse. Kampani ya Demand Media, mwini wa eHow, imene inali kulipila olemba madola pafupifupi 15 pa nkhani imodzi, inataya owelenga ambili caka comweco, ndipo nchito ya olemba ake inacepa. Mu April 2012 kunabwela Penguin, yolimbana ndi malinki ogula. Mu March 2024 Google inaika lamulo lakuti nkhani zopangidwa mwaunyinji ndi colinga congokwela pamwamba ndi zinyalala, kaya wazilemba ndi munthu kaya makina.

Ngati BMW ndi ndalama zake zonse inagwidwa, kodi pulogalamu imene akugulitsani pa foni ili ndi mankhwala otani? Google yokha imacenjeza poyela kuti palibe munthu angakulonjezeni nambala 1. Wokulonjezaniyo afuna ndalama zanu, basi.

Wovulala ndani?

Koma ngakhale Google ikanakhala yakhungu, ine ndikanakanabe, pakuti kumapeto kwa nkhani iliyonse kuli munthu.

Mu September 2013, mkulu wa zamalamulo wa boma la New York, Eric Schneiderman, analengeza zotsatila za msampha umene ofesi yake inachela. Anthu ake anadzionetsa ngati eni kasitolo ka yogati ku Brooklyn, napempha makampani a SEO kuti awathandize. Ena mwa makampaniwo anadzipeleka kulemba ndemanga zabodza. Pamapeto pake makampani 19 anavomela kuleka ndi kulipila cilango coposa madola 350,000. Nanga olemba ndemanga zabodzazo anali ndani? Ena anali anthu a ku Philippines, Bangladesh ndi kum'mawa kwa Ulaya, olipidwa dola imodzi kufika madola 10 pa bodza limodzi. Anthu osowa nchito, ofanana ndi inu ndi ine. Wolemela akafuna kunama amafunafuna pakamwa pa wosauka, pakuti m'pochipa. Mu 2024 boma la America linafika poika lamulo loletsa kugula ndi kugulitsa ndemanga zabodza.

Tsopano bweletsani nkhaniyi pafupi. Tinene kuti kasitomala wanu agulitsa mankhwala a m'botolo, ndipo afuna nkhani 10 zonena kuti mankhwalawo amaciza shuga. Inu mwalemba bwino, nkhani yakwela pamwamba. Mtsikana wina ku Katete afufuza pa foni za matenda a amai ake, awelenga mau anu, awakhulupilila, ndipo amai aja aleka mankhwala a kucipatala. Kasitomala wadya phindu, inu mwadya madola asanu. Nanga maliro akacitika, dzanja lanu mudzalibisa kuti? Umboni wonama sukhala woona cifukwa waupeleka pa kompyuta.

Zifukwa zimene mudzapeleka

Wina adzati, njala ilibe manyazi, ndifuna ndalama ya lendi. Ndamva, ndipo sindipeputsa njala ya munthu. Koma welengani bwino masamu ake. Nkhani yopanda nzelu aliyense angailembe, conco mtengo wake umatsika tsiku ndi tsiku. Kucokela pamene ChatGPT inatuluka mu November 2022, makina amalemba nkhani yotelo m'kamphindi, mosapempha malipilo. Ngati luso lanu lonse ndi kubweleza mau, mupikisana ndi cinthu cimene sicigona, sicidya ndiponso sicidwala. Mudzaluza.

Wina adzati, ndiye ineyo ndidzalembetsa makinawo, ndizingotumiza. Funsani a CNET, webusaiti yochuka ya ku America. Mu January 2023 zinadziwika kuti anali kusindikiza nkhani za ndalama zolembedwa ndi makina, ndipo pa nkhani 77 anakakamizika kukonza 41. Makina amalemba bodza ndi coonadi ndi nkhope imodzimodzi. Mungawagwilitse nchito kukuthandizani kukonza ciganizo kapena kusanja mfundo, koma amene adzayankha mlandu wa zolembedwazo ndi inu.

Wina adzati, ndinangocita zimene bwana ananena. Mmisili womanga nyumba akauzidwa kuti acepetse simenti, cipupa cikagwela ana, mudzi wonse umadziwa dzina la amene anagwila cipande. Kumvela bwana kuli ndi malile.

Cuma cimene muli naco

Pali cinthu cimene pulogalamu ya madola 100 ilibe, koma inu muli naco: maso, miyendo ndi pakamwa pofunsila. Mlendo wofuna kupita ku South Luangwa safuna kumva kasanu kuti malowo ndi okongola. Afuna kudziwa kuti kucoka ku Chipata kufika ku Mfuwe adzayenda maola angati, kuti ndi misasa iti imatseka nthawi ya mvula, ndi kuti mwana wamng'ono amaloledwa kapena iai. Wofuna kuona Nc'wala ku Mtenguleni mu February, kapena Kulamba ku Mkaika mu August, afuna kudziwa kogona, covala ndi ulemu woyenela pamaso pa mafumu. Zimenezi amazidziwa ndi munthu amene wafikako kapena wafunsa. Safunsa anadya phula.

Conco mukapeza kasitomala, citani izi. Mufunseni mafunso amene ogula ake amafunsa tsiku ndi tsiku, ndipo nkhani iliyonse iyankhe funso limodzi mokwanila. Mitengo, maola ndi malo zikhale zoona, ndipo zikasintha muzikonze. Yambani ndi zipangizo zaulele, musakongole ndalama kugulila pulogalamu musanapeze ndi kasitomala mmodzi yemwe. Muuzeni poyamba pomwe kuti zotsatila zimatenga miyezi, ndi kuti simulonjeza nambala 1. Gwilizanani mtengo molemba, ndipo landilani gawo la malipilo musanayambe. Akapempha ndemanga zabodza, mukane, ndi kumuuza kuti apemphe ogula ake enieni alembe zimene anaona. Ndipo musanatumize nkhani, iwelengeni mokweza pamaso pa mnzanu. Akaseka kapena akayasamula, bwelelani mukalembenso.

Njila imeneyi ndi yocedwa, sindikana. Makasitomala ena adzakuthawani ndi kupita kwa wolonjeza zozizwitsa. Alekeni apite. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wamalonda amene nkhani zanu zamubweletsela ogula enieni adzauza mnzake, ndipo dzina lanu ndilo lidzakhala cikwangwani canu. Dzina limenelo n'limodzi cabe, abale anga, ndipo palibe pulogalamu yolichapa likada.

Kambilanani m'gulu lanu

1. Kodi munagulapo cinthu cifukwa ca ndemanga za pa intaneti? Mukanamva bwanji kudziwa kuti wozilemba analipidwa?
2. Mnzanu wapatsidwa nchito yolemba ndemanga zabodza 20, ndipo kwao kulibe unga. Mungamuuze ciani, ndipo gulu lingamuthandize bwanji?
3. Ndi amalonda ati a m'dela lanu amene mungawalembele tsamba loona mwezi uno?